Funsani Amisiri: Kusula mpeni wa chitsulo cha mizeremizere

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za chinthu chimodzi: mipeni ija yooneka ngati madzi akuyenda pathupi pake, imene anthu akuitcha Damascus. Tasankha mafunso ochokera ku Chipata ndi maboma oyandikana nawo. Ena tawafupikitsa, ndipo ofanana tawaphatikiza.

A Mkonzi, ndaona pa Facebook mipeni ya mizere yokhotakhota. Mnzanga akuti ndi penti, ine ndikuti ndi chitsulo chochokera ku Damascus. Walondola ndani? Nanga n'zoona kuti mpeni wotere subuntha? — Wowerenga wa ku Kapata, Chipata

Nonse awiri mwaphonya, akulu. Mizere ija imabwera chifukwa mmisiri wasanjikiza zitsulo zamitundu iwiri, wazimata pa moto, wazitambasula ndi nyundo, wazidula n'kuzisanjikizanso kangapo. Pomaliza amaviika mpeniwo mu asidi, amene amadya chitsulo chimodzi n'kuchidetsa, chinacho n'kutsala chowala. Choncho mzere uliwonse umene mukuona ndi m'mphepete mwa chitsulo chimene chalowa mpaka mkati.

Dzinalo ndi lobwereka. Damascus ndi mzinda wa ku Syria, ndipo malupanga akale otchedwa ndi dzinali ankasulidwa ndi chitsulo china chotchedwa wootz, chimene ankachisungunula m'timiphika ta dothi ku India ndi ku Sri Lanka. Mizere ya wootz inkabadwa m'chitsulo momwemo, popanda kusanjikiza. Lusolo linazilala m'zaka za m'ma 1800, ndipo mu 1998 John Verhoeven ndi Alfred Pendray anasonyeza kuti tizitsulo tochepa kwambiri monga vanadium ndi timene tinkathandiza kuti mizereyo ioneke. Njira yosanjikiza nayo ndi yakalekale. Lupanga limene anafukula ku Sutton Hoo ku England mu 1939 linasulidwa chotero zaka zoposa 1,300 zapitazo. Pa mipeni ya makono, amene anaidzutsanso njirayi ndi Bill Moran wa ku America mu 1973.

Zoti subuntha ndi nkhambakamwa ya ogulitsa. Mpeni umakhalitsa wakuthwa chifukwa cha mtundu wa chitsulo ndi mmene achikhwimitsira. Mpeni wa chitsulo chimodzi wokhwimitsidwa bwino umaposa wa mizere 300 wokhwimitsidwa mwachisawawa. Mizere ndi ya maso basi.

Ndimasula makasu ndi nkhwangwa pogwiritsa ntchito masipuling'i a galimoto. Kodi ndingasanjikize sipuling'i ndi nsimbi wamba ya m'mageti kuti mizere ituluke? — Mmisiri wa ku Katete

Mizere ituluka, bambo, koma mpeni wake sudzakukondweretsani, ndipo pali zifukwa ziwiri.

Choyamba ndi kaboni. Kaboni ndiye amalimbitsa chitsulo, ndipo pa moto womata amasamuka kuchoka pamene wachuluka kupita pamene wachepa. Mukamasanjikiza kawirikawiri zigawo zimapyapyala, mpaka kaboni amafanana ponseponse. Sipuling'i zambiri zili ndi kaboni pafupifupi 0.6 pa 100 alionse, nsimbi ya m'mageti ili ndi 0.2 kapena kucheperapo. Mukazisakaniza theka ndi theka mutsala ndi 0.4, wokwanira khasu koma wochepa pa mpeni.

Chachiwiri ndi chitsulo china chotchedwa chromium. Sipuling'i za mtundu wa 5160 zili ndi chromium pang'ono, amene pa moto amapanga khungu louma limene borax, ufa woyera umene amathira pomata zitsulo, amavutika kulisungunula. Sipuling'i pa sipuling'i inzake imavuta kumatana ngakhale kwa amisiri ozolowera. Onjezanipo kuti sipuling'i imene yathyoka pamsewu imakhala ndi timing'alu tosaoneka, timene timadzatseguka mpeni utatha kale. Sungani sipuling'i zanu ku nkhwangwa ndi zikwanje, kumeneko zilibe mnzake.

Zitsulo ziwiri zimene amisiri ambiri padziko amakonda ndi 1084 ndi 15N20. Choyambacho chili ndi kaboni pafupifupi 0.84 ndipo chimada mu asidi. Chachiwiricho chili ndi kaboni 0.75 ndi chitsulo chowala chotchedwa nikelo 2 pa 100 alionse, ndipo nikeloyo ndi amene amakana asidi n'kutsala wowala. Ubwino wake ndi woti ziwirizi zimamatana mosavuta ndiponso zimakhwima pa moto wofanana, choncho sizikokana mpeni ukaviikidwa m'mafuta.

Kuno kwathu zatsopano ndi zoitanitsa. Zoyandikira kwambiri ndi izi: m'malo mwa 1084, tupa zakale zakutha mano, m'malo mwa 15N20, lamba wamkulu wa makina ochekera matabwa amene watha ntchito. Koma musangokhulupirira maonekedwe. Tupa zina zotsika mtengo zimalimba khungu lokha, mkati muli nsimbi yofewa. Dulani kachidutswa, kasuleni mpaka mamilimita 3, katentheni mpaka maginito aleke kukagwira, kaviikeni m'mafuta, kamangeni mu vaisi n'kukamenya mutavala magalasi. Kakathyoka ngati botolo, chitsulocho n'chabwino. Kakapindika, chitayeni. Yang'ananinso pothyokapo: pakhale posalala ngati ufa woyera, osati pa timibulu ngati shuga. Lamba nayenso muyeseni pomupukuta ndi kumuviika mu viniga limodzi ndi kachidutswa ka tupa usiku umodzi. Akatuluka wowala tupa itada, nikelo alimo.

Zopewa kotheratu: chitsulo chosachita dzimbiri cha masupuni ndi masinki, malamba ochekera zitsulo a mano a chitsulo china, ndi chilichonse chokutidwa ndi zinc monga mapaipi amadzi oyera aja. Utsi wa zinc umadwalitsa ngati malungo.

Ndilibe chipala cha gasi ngati chimene ndimaona pa YouTube. Kodi makala angafike moto womata zitsulo? — Wachinyamata wa ku Petauke

Angafike, achimwene, ndi kupitirira. Makolo athu ankayenga chitsulo m'ng'anjo ndi makala ndi mvukuto wa chikopa, ndipo osula malupanga a ku Japan amagwiritsabe ntchito makala a paini mpaka lero. Chimene chimalepheretsa ambiri si makala ayi, koma kuchepa kwa kuya kwa moto. Chipala cha makasu chimakhala chosaya, chitsulo chili pafupi ndi mphepo. Pomata zitsulo zimenezo sizitheka.

Mangani ngalande ya njerwa yomatidwa ndi dothi la pachulu, masentimita 20 m'lifupi, 25 kuya kwake, 40 m'litali. Paipi ya mphepo ikhale ya chitsulo chakuda, ya mamilimita 30 mpaka 40, ilowe cham'mbali masentimita 5 kuchokera pansi. Moto wotere uli ndi zigawo. Pafupi ndi paipi mphepo ndi yambiri, ndipo chitsulo choikidwa pamenepo chimapsa n'kuyanga makoko akuda. Masentimita 10 mpaka 12 pamwamba pa paipi mphepo yadyedwa kale ndi makala koma kutentha kudakalipo. Apo ndiye pogona mtolo wanu wa zitsulo zosanjikiza, ndi makala ena masentimita 5 pamwamba pake ngati chofunda.

Makala aduleni akhale ngati chala chachikulu, masentimita 2 kapena 3, ndipo musefe fumbi. Aakulu amasiya mipata yodutsa mphepo, fumbi limatseka moto. A mopane ndi a muwanga amakhalitsa koma amafuna mphepo yamphamvu ndipo ena amathetheka kwambiri. A mitengo yopepuka amayaka msanga, amathanso msanga. Dulani thumba lathunthu musanayatse, chifukwa mtolo ukatentha simudzapeza mpata wodula makala. Gulani kwa amene ali ndi chilolezo cha a zankhalango, monga lamulo la nkhalango la 2015 likunenera.

Mphepo: fani ya hita ya galimoto ya mavoti 12 yolumikizidwa ku batire imakwana, ndipo malaiti akapita ntchito siima. Gudumu la njinga lozunguza fani ndi lamba limagwiranso bwino ngati pali wokuthandizani. Chosulirapo sichifunika chapamwamba: mutu wa nyundo yaikulu ya makilogalamu 6 kapena 7, kapena chidutswa cha ekiselo ya lole, chozikidwa pa chitsa cholimba. Chikhale sitepe imodzi yokha kuchokera pa moto. Nyundo ya m'manja ikhale ya kilogalamu imodzi kapena imodzi ndi theka.

Chipala chikhale pa mthunzi wa chisakasa chopanda zipupa. Padzuwa la Okutobala chitsulo cha madigiri 900 chimaoneka ngati chakuda, ndipo mudzachipsereza mukudikira mtundu. M'nyumba yotseka namo ayi: utsi wa makala umapha mofanana ndi mbaula yogona nayo m'chipinda.

Tafotokozani ndondomeko yonse yomata zitsulozo kuyambira pachiyambi. — Owerenga a ku Chadiza, Sinda ndi Mchini

Yambani ndi mtolo waung'ono, umene dzanja limodzi lingaugonjetse. Dulani zidutswa 5 za chitsulo chimene chimada mu asidi chija, 1084 kapena tupa, masentimita 10 m'litali, 3 m'lifupi, mamilimita 3 kuchindikala, ndi zidutswa 4 za lamba za muyeso womwewo koma mamilimita 1.5. Zonse pamodzi ndi pafupifupi theka la kilogalamu. Musadabwe kuti mpeni wake udzakhala wopepuka kwambiri kuposa pamenepo, chifukwa gawo limodzi mwa magawo atatu, nthawi zina theka, limathera m'makoko ndi pa grinder.

Ngati ndi tupa, iphereni mano onse. Mano otsala amasunga dothi. Pukutani nkhope zonse mpaka chitsulo chiwale, tsukani ndi spirit kapena thinner, ndipo musagwirenso pankhope ndi zala. Sanjikizani mosinthanitsa, zochindikala zikhale kunja chifukwa zopyapyala zimapindika ndi kupsa zisanatenthe zamkati. Panani mu vaisi, wotchererani mizere iwiri kumutu, iwiri kumchira ndi umodzi pakati mbali zonse, kenako lumikizani ndodo yachitsulo ya theka la mita ngati chogwirira. Opanda makina owotcherera amange ndi waya wakuda ndi kugwira ndi mbaniro.

Ikani mtolo pa moto mphepo ili yochepa kuti utenthe mofanana. Ukafiira ngati phwetekere wakupsa, utulutseni ndi kuwaza borax m'mbali mmene zigawo zikuonekera, osati pamwamba. Borax amasungunuka pa madigiri 740 kapena kuposerapo pang'ono, amalowa m'mipata, amasungunula makoko ndi kutsekereza mphepo. Supuni imodzi yaikulu imakwana.

Bwezani pa moto, onjezani mphepo, muzitembenuza mtolo pafupipafupi. Moto womata uli pakati pa madigiri 1,200 ndi 1,300. Zizindikiro zake ndi zitatu: mtolo wasanduka wachikasu chowala ndipo ukufanana mtundu ndi makala ouzungulira, popanda mthunzi pakati, borax akuwira ndi kuthamanga pankhope ngati mafuta mu chiwaya, ukatuluka ukufuka kautsi koyera. Zizindikirozi zikaoneka, chepetsani mphepo ndi kudikira mphindi ziwiri kapena zitatu kuti mkati mufanane ndi kunja. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma mukaona nthethe zoyera zikuphulika kuchokera pa chitsulo, mwapitirira, chitsulo chikupsa, ndipo pamene papsa padulidwe.

Apa ndi pamene osula makasu amalakwa: amamenya ndi mphamvu zonse. Kumenya koyamba kukhale kopepuka ndi kofulumira, ngati mukukhomera msomali waung'ono. Yambani pakati kupita m'mphepete, kapena kuchokera ku chogwirira kupita kunsonga, kuti borax afinyike atuluke. Nkhonya yamphamvu imatereretsa zigawo zisanagwirane. Muli ndi masekondi osapitirira 10. Tembenuzani, bwerezani mbali inayo, palani makoko ndi burashi ya waya, thirani borax, bwezani pa moto. Chitani zimenezi katatu musanayambe kutambasula. Khutu lidzakuuzani: mtolo wosamatana umalira phwa phwa, womatana umayankha nyundo ngati chitsulo chimodzi.

Borax wamoto amathovokera kutali pa nkhonya yoyamba. Valani magalasi, apuloni ya chikopa ndi zovala za thonje. Malaya a nayiloni a ku salaula amasungunukira pakhungu. Ana aime kutali.

Mukatsimikiza kuti wamatana, perani mizere ya owotcherera ija ichoke yonse, chifukwa ikatsala imadzaoneka ngati chipsera chotuwa pa mpeni. Tambasulani mtolo uli wachikasu kapena wa mtundu wa lalanje mpaka utalike katatu. Ukayamba kufiira lekani kumenya. Ulekeni uzizire, perani nkhope ziwiri ziwale, dulani patatu, sanjikizani, wotchererani, yambiraninso.

Ndinamata bwinobwino, koma nditayamba kumenya cham'mbali zigawo zinatseguka ngati buku. Ndinalakwitsa pati? — Wowerenga wa ku Lundazi

Tsegulani pamene pakanikapo ndi tchizulo muyang'ane mkati, chifukwa mtundu wake ndiwo umboni.

Ngati mkati muli moyera ndi mosalala, moto unachepa. Kunja kunali kwachikasu koma mtima wa mtolo unali usanafike. Ili ndiye vuto la anthu ambiri. Ngati muli makoko akuda, mphepo inachuluka, kapena mtolo unali pafupi ndi paipi, kapena borax anachedwa kuthiridwa chitsulo chitayanga kale makoko. Ngati muli kanthu konyezimira ngati galasi, ameneyo ndi borax amene anatsekeredwa chifukwa munayamba kumenya m'mphepete, kapena nkhope ya chidutswa inali ndi dzenje. Chithuza chotukumuka pamwamba chimachokera komweko: chibooleni, thirani borax, matani kachiwiri. Ming'alu yopingasa m'mbali ndi ya kumenya chitsulo chitazizira, kapena chitapsa.

Kumenya cham'mbali kumene munachitako ndi mayeso abwino, koma kuchitike mtolo uli pa moto womata, osati utafiira. Kampata kakang'ono kakhoza kupulumuka: katsukeni ndi burashi, thirani borax, matani. Mpata wautali umene walowa makoko musalimbane nawo. Dulani mutaye, apo ayi udzatulukira kukamwa kwa mpeni tsiku lonola.

Borax sindikumupeza. Mchenga ungagwire? — Wowerenga wa ku Vubwi

Funsani m'masitolo a zipangizo zowotcherera ufa umene amagwiritsa ntchito pomata ndi mkuwa, chifukwa wambiri ndi wa borax. Ogulitsa zaulimi ena amakhalanso naye ngati feteleza wa boron. Mchenga woyera wosefa unkagwira pa chitsulo chofewa cha makolo chimene chimapirira moto woyera, koma umasungunuka mochedwa, ndipo chitsulo cha kaboni wambiri chimayamba kupsa mchengawo usanayende. Phulusa la mapesi a mpunga losakaniza ndi dothi lamadzimadzi limathandiza, koma limafuna dzanja lozolowera. Dziwaninso kuti borax amadya dothi la chipala, choncho muzimata pansi pake kawirikawiri.

Mizere ingati imakwana? Nanga maluwa osiyanasiyana aja amapangidwa bwanji? — Wophunzira ntchito zamanja, Chipata

Werengani motere: zigawo 9 zodulidwa patatu zimapereka 27, patatunso 81, pawiri 162. Kumeneko ndi kumata kanayi. Pansi pa 30 mizere imakhala yonenepa ngati ya mbidzi, ndipo ena amaikonda chotero. Pakati pa 80 ndi 200 ndi pamene maso amakondwa kwambiri. Kupitirira 500 mizere imapyapyala mpaka mpeni umangooneka wotuwa, makala mwawononga pachabe. Mpeni wanu woyamba uime pa 27 kapena 81.

Maluwa onse amachokera pa mfundo imodzi: zigawo zogona mowongoka sizionetsa kanthu mpaka zitasokonezedwa kenako n'kudulidwa. Mukangosula ndi kupera, zipsera za nyundo zimapereka mizere yoyenda mwa yokha ngati ya thabwa la mukwa. Pofuna maluwa a makwerero, siyani chitsulo chili mamilimita 10 mpaka 12, chekani ngalande zopingasa ndi grinder motalikirana sentimita imodzi, zozama gawo limodzi mwa magawo atatu, za mbali inayo zigwe pakati pa zoyambazo, kenako sulani chiphwatalale. Ngalande zikhale zozungulira pansi. Zosongoka zimapindikira mkati n'kusiya mng'alu. Madontho a mvula amapangidwa chimodzimodzi koma ndi timaenje ta chiboolera cha mamilimita 6. Chingwe chopota chimafuna ndodo ya mbali zinayi zofanana, mamilimita 15 mpaka 20, yophwanyidwa ngodya, yopotedwa mu vaisi ili yachikasu. Mukapota itafiira imang'ambika m'ngodya. Maluwa a chingwe amasintha mukamapera mozama, ndipo tinyenyezi timaoneka cha pakatikati.

Langizo limene ambiri amalinyoza: pa makwerero ndi madontho, musasule kukamwa kwa mpeni mpaka kupyapyala. Siyani nyama yoti grinder idye, popeza kupera ndiko kumavundukula maluwa.

Mpeni wanga unalira "thi" nditauviika m'madzi, n'kutuluka ndi mng'alu. Mnzanga akuti ndizigwiritsa ntchito oilo wakuda wa mu injini. — Mmisiri wa ku Nyimba

Madzi amaziziritsa mwaukali kwambiri pa chitsulo chopyapyala cha kaboni wambiri. Oilo wakuda naye ayi: amaziziritsa mochedwa, amayaka msanga, ndipo utsi wake ndi woipa m'chifuwa. Tengani saladi wophikira, wa mpendadzuwa kapena soya, malita 3 kapena 4 m'chitini chachitsulo chokhala ndi chivundikiro chozimitsira moto. Mutenthetseni mpaka madigiri 50 poviikamo chitsulo chamoto. Chala chizitha kulowa koma osakhalitsa. Mafuta ofunda amapepuka ndipo amaziziritsa mpeni mofulumira kuposa ozizira.

Koma mng'alu wanu mwina unayamba kale musanafike pa madzi. Chitsulo chimene chakhala pa moto womata kanayi chimakhala ndi timibulu tikulutikulu mkati, ndipo chimathyoka msanga. Chiyenera kupumitsidwa katatu. Tenthani mpeni mpaka madigiri pafupifupi 870, kuwala pang'ono kuposa pamene maginito alekera, muusiye uzizire pamphepo mpaka ude. Kachiwiri chepetsani moto pang'ono, kachitatu ufike pamene maginito angoleka kumene. Mukatero perani maonekedwe a mpeni, boolani mabowo a chigumbu, ndipo kukamwa kutsale milimita imodzi kuchindikala. Kukamwa kopyapyala ngati pepala kumapindika m'mafuta. Fufutaninso mikwingwirima yozama ya grinder, poti mng'alu umayambira mmenemo.

Pokhwimitsa pamafunika madigiri 800 mpaka 830. Maginito amaleka kugwira pa 770, ndiye pitirirani pang'ono pokha. Mchere wa pa ndiwo umasungunuka pa 801, choncho tinthu ta mchere toikidwa pa mpeni tikasungunuka, nthawi yakwana. Chitani izi madzulo kapena mumthunzi wandiweyani, ndipo muike paipi yaikulu yachitsulo m'makala, mpeni ulowe m'paipimo kuti nsonga isapse thupi lisanatenthe. Viikani mowongoka, nsonga kapena kukamwa patsogolo, muziyendetsa chokweza ndi chotsitsa. Mukaupukusa cham'mbali umakhota. Pakatha masekondi 10 mpaka 15 utulutseni, ndipo ukazizira yesani ndi tupa: ikatsetsereka ngati pa galasi, wakhwima.

Pa nthawi imeneyo mpeni ndi wosachedwa kusweka ngati mbale yadothi, ndipo ukhoza kung'aluka wokha usiku uli pa tebulo. Uwambeni ola lisanathe: mu uvuni pa madigiri 200 kwa maola awiri, uzizire, kenako maola awiri enanso. Opanda uvuni apukute mpeni uwale, augoneke chamsana pa chitsulo chochindikala chamoto, ayang'ane mtundu ukuyenda kuchokera kumsana. Kukamwa kukafika mtundu wa udzu wouma, viikani m'madzi kuti kutentha kuime, ndipo bwerezani kawiri. Kukafika mtundu wa buluu kwafewa kwambiri, muyenera kukhwimitsanso. Ngozi yomweyo ilipo pa grinder pomaliza: muziviika mpeni m'madzi pafupipafupi.

Ndamaliza zonse koma mizere sikuoneka. Kodi asidi wa mu batire angathandize? — Wowerenga wa ku Mambwe

Musiyeni asidi wa batire. Amawotcha khungu, amachititsa khungu m'maso, ndipo wa batire yakale amakhala ndi mtovu, chinthu chosayenera pa mpeni wodulira chakudya.

Mankhwala ake ndi ferric chloride, amene okonza zipangizo za mawailesi amadyetsera mkuwa pa timabolodi tawo. Funsani kwa ogulitsa mankhwala a m'malabotale, makamaka ku Lusaka. Sakanizani gawo limodzi ndi magawo 3 kapena 4 a madzi a mvula m'paipi ya pulasitiki yotseka pansi, osati m'chitini. Mpeni ukhale wokhwimitsidwa kale, chifukwa chitsulo chosakhwima chimangotuwa. Upukuteni ndi sandipepa mpaka nambala 400 kapena 600; mukausalaza ngati kalilole asidi sagwira mofanana. Tsukani ndi sopo, kenako spirit, ndipo gwirani ku mchira kokha. Chidindo cha chala chimodzi chimatuluka bwinobwino pa mpeni.

Viikani mphindi 5 mpaka 10, tulutsani, tsukani mwaye wakuda ndi mswachi wakale, bwezani. Katatu kapena kanayi kamakwana, mpaka chikhadabo chizimva mizere. Asidi wamphamvu wa nthawi imodzi amakumba maenje. Wofatsa wobwerezabwereza ndiye amatulutsa maluwa oyera. Pomaliza viikani m'madzi a soda wophikira kuti asidi afe, apo ayi mawa mudzapeza dzimbiri. Umitsani, pitanipo mopepuka ndi sandipepa wa 1500 kapena 2000 womata pa kathabwa kuti nsonga za nikelo ziwale, pakani mafuta.

Viniga wofunda amagwiranso, koma amatenga maola ambiri. Khofi wa ufa wosungunuka, wothiridwa wambiri m'madzi ochepa, amadetsa zigawo zakuda mpeni ukagonamo maola angapo utachoka mu asidi. Ngati mwachita zonsezi koma mizere ikuoneka mwa apo ndi apo, vuto lili pa zitsulo: lamba wanu analibe nikelo.

Ku Chipata kuno matcheni a njinga akutha ali mbwee. Angapange mpeni? — Wokonza njinga, Nabvutika

Angapange, ndipo maluwa ake ndi okongola ngati khungu la nsato, makamaka tcheni cha njinga yamoto. Koma si ntchito yoyambira. Girisi yense achoke ndi parafini, timphira ta m'matcheni ena tichotsedwe, ndipo tcheni chonyezimira chokutidwa ndi zinc kapena nikelo chisiyeni. Pindani kanayi, wotchererani, thirani borax wochuluka, menyani mofatsa kwambiri chifukwa mipata ndi yambiri. Popeza simudziwa kaboni wa tizidutswa take, tchenicho chikhale chovala chabe: ikani chidutswa cha tupa pakati, tcheni uku ndi uku, kuti kukamwa kukhale kwa tupa yokhayokha.

Mwana wanga anandigulira mpeni wotere, koma ukuda ndikadulira matimati, ndipo wayamba dzimbiri. Kodi anamunamiza? Ndingadziwe bwanji weniweni? — Mayi wa ku Kalongwezi, Chipata

Kudako si chinyengo, amayi. Walira mvula walira matope: chitsulo cha kaboni chimanoleka bwino koma sichikana dzimbiri ngati mipeni yoyera ya m'sitolo. Matimati, anyezi ndi mandimu zimausintha mtundu kukhala wotuwa kapena wabuluu, ndipo khungu limenelo limauteteza. Choipa ndi dzimbiri lofiira. Lichotseni ndi soda wosakaniza ndi timadzi pang'ono pa kansalu, osati ndi mchenga kapena waya wokwechera mapoto, amene amafufuta maluwa.

Mukatha kudula tsukani nthawi yomweyo, pukutani uume, pakani kadontho ka saladi. Usagone m'beseni la mbale, ndipo nyengo ya mvula musausunge m'chimake cha chikopa, chifukwa chikopa chimasunga chinyezi. Chigumbu cha mukwa kapena phingo nacho chimafuna mafuta kamodzikamodzi. Ponola gwiritsani ntchito mwala wosalala ndi madzi, kukamwa kokha kukhudze mwala. Pakhonde la simenti ayi.

Pofuna kudziwa weniweni, yang'anani pamsana pa mpeni ndi pamene chitsulo chikulowa m'chigumbu. Zigawo zenizeni zimaoneka pamenepo ngati masamba a buku lotseka, ngakhale amisiri ena amapukuta msana mpaka zibisike. Maluwa a mbali ziwiri asafanane ndendende, ndipo mipeni iwiri ya pa tebulo la wogulitsa isakhale ndi maluwa amodzimodzi. Mayeso otsimikiza ndi awa: pukutani kamalo kakang'ono pamsana ndi sandipepa mpaka mizere ifufutike, ikanipo thonje lonyowa ndi viniga kwa ola limodzi kapena awiri. Pa mpeni wosanjikizidwa mizere imabwerera, pa wojambulidwa pamwamba malowo amangotuwa.